Chipale ku Joni, mwera kwa Chembe

Madzulo a Lachisanu pa 20 Seputembala 2024, magalimoto mazanamazana ochokera ku Johannesburg kulowera ku Durban anaima pa msewu waukulu wa N3, ndipo ambiri anachezera pomwepo. Sikunali ngozi kapena zionetsero ayi. Chipale chofewa chinagwa pa mapiri a Drakensberg n'kukwirira msewu pa chikweza cha Van Reenen, pakati pa Harrismith ndi Ladysmith. Mathiraki anapingasa, mabasi ndi maminibasi n'kutsekeredwa kumbuyo kwawo. Mayi wina wa zaka 39 amene anali m'minibasi anamwalira chifukwa cha kuzizira.

Kumapiri amenewo chipale si mlendo. Chimene chinadzidzimutsa anthu ndi nthawi yake. Ku South Africa amawerenga kuti kuzizira kumatha ndi mwezi wa Ogasiti, ndipo pofika pa 20 Seputembala mitengo imakhala itaphuka, majekete atabwerera m'zikwama. Ambiri amene anagwidwa pamsewu paja anali pa ulendo wa tchuthi, atavala zopepuka, opanda bulangete ngakhale limodzi.

Ku Mangochi nkhani yotere sitiimva ngati ya kutali. Yendani m'midzi ya kwa Mponda, kwa Makanjira, kwa Jalasi kapena kwa Nankumba, mudzapeza nyumba zambiri za malata zimene zinamangidwa ndi ndalama za ku Joni, ndipo Durban ndi umodzi mwa mizinda imene ana athu amakakhamukirako. Chipale chikagwa uko, zithunzi zake zimafika pa mafoni a kuno tsiku lomwelo. Anthu amaseka, amapukusa mitu, kenako amabwerera ku ntchito zawo poganiza kuti zimenezo ndi za eni ake. Komatu mphepo imene imabweretsa chipale ku mapiri a kumeneko kawirikawiri siithera komweko. Imapitirira ulendo, ndipo ikafika panyanja yathu ife timaitcha mwera.

Njira imene mphepo imadzera

Kuyambira mu Meyi kufika mu Seputembala, mpweya wozizira wochokera kunyanja za kum'mwera kwenikweni kwa dziko lapansi umawomba gombe la Cape Town n'kulowa kumtunda. Ukakumana ndi mapiri atali a Lesotho ndi Drakensberg, pamakhala mvula, ndipo pamwamba penipeni pamagwa chipale. Kumbuyo kwake kumabwera mpweya wina wolemera, umene umazungulira gombe la South Africa n'kukakhazikika pa nyanja ya mchere ya India. Kuchokera kumeneko umakankha mphepo yozizira ndi yachinyezi kudutsa gombe la Mozambique, n'kulowa nayo m'zigwa za Zambezi ndi Shire. Ulendo wonsewo umatenga masiku ochepa chabe.

Mphepoyo ikafika kwathu imagawikana ntchito. Pa mapiri a Mulanje, Thyolo, Zomba ndi Blantyre imakwera, n'kuzizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza ija ya chiperoni, imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo amapulumukira pamenepo m'miyezi youma. Koma ikatsikira panyanja imapeza njira yosalala, yotalika makilomita pafupifupi 580 kuchokera ku Mangochi kukafika kupitirira Karonga, mapiri ali uku ndi uku, ndipo palibe choitchinga. Pamenepo ndiye imathamanga, ikunka niutsa mafunde.

Si chipale chilichonse cha ku South Africa chimene chimatsatidwa ndi mwera kuno, ndipo si mwera uliwonse umene uli ndi chipale kumbuyo kwake. Koma gwero lake ndi limodzi. N'chifukwa chake chaka chimene kuzizira kwachedwa kutha kum'mwerako, nafenso tisamafulumire kunena kuti mwera wapita chifukwa chakuti kalendala yafika pa Seputembala.

Mudzi wobisala kuseri kwa mapiri

Chembe ndi mudzi wa asodzi umene uli kumapeto kwa ndomo ya Nankumba, malo amene alendo amawadziwa ndi dzina la Cape Maclear. Dzinalo anapereka ndi David Livingstone mu 1861 pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mudziwu wazunguliridwa ndi malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Kutsogolo kuli zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo. Kumbuyo kuli mapiri a miyala ndi nkhalango.

Mapiri amenewa ndiwo amapangitsa kuti mlendo anamizike. Gombe la Chembe linayang'ana kumpoto chakuzambwe, choncho mwera ukamawomba kuchokera kum'mwera chakuvuma umayamba wagunda mapiri. Padoko madzi amatha kuoneka odekha, ana akusambira, amayi akutsuka mbale ndi kuchapa, pamene kuseri kwa Domwe nyanja yawira. Wotuluka ndi bwato n'kudutsa pa mpata wa Ilala Gap, kulowera mbali ya Monkey Bay, amapeza nyanja ina yosiyana ndi imene waisiya. Msodzi wokulira pano amadziwa zimenezi, ndiye sayang'ana madzi a pamapazi pake. Amayang'ana mitambo pamwamba pa phiri, kuyera kwa mafunde chapatali, ndi mmene m'mawa kwachera.

Ndiyetu mwera, ngakhale timaudandaula, ndi umene umadyetsa nyanja ya kum'mwera kuno. Nyanja ya Malawi ndi yakuya, malo ena kupitirira mamita 700, ndipo madzi ake anagona mosanjikizana: ofunda pamwamba, ozizira pansi. Pansipo ndi pamene pamadikha chonde chonse chochokera ku zamoyo zakufa. Mwera ukawomba masiku angapo umakankhira madzi ofunda kumpoto, monga mmene madzi a m'beseni amathawira mbali imodzi ukawauzira mwamphamvu, ndipo kum'mwera kuno madzi ozizira a pansi amakwera kudzatseka mpatawo. Amabwera ndi chonde chija. Ndere zosaoneka ndi maso zimachuluka, tizilombo ta m'madzi timadya nderezo, usipa ndi utaka zimadya tizilomboto, ndipo kampango ndi ncheni zimadya usipa. Ichi ndi chifukwa chimodzi chachikulu chimene mbali ya Mangochi imaposera madera ena pa nsomba. Mphepo imene imagoneka maboti pamchenga mu Julayi ndi yomweyo imene ikukonza usipa wa m'tsogolo.

Koma msodzi sadya za m'tsogolo. Chilimira chimodzi chimafuna maboti, injini, mafuta, nyali, alovi okoka khoka ndi siginala amene amapalasa bwato la nyali kukopa usipa mumdima. Onsewa amalandira malingana ndi zimene zaphedwa usiku umenewo. Mwera ukakhazikika sabata yathunthu, mathandala oyanikapo nsomba amakhala mbee, amayi ogula usipa kukagulitsa ku Limbe ndi ku Lilongwe amangodikira ndi ndalama zangongole m'chitenje, wogulitsa mandasi padoko nayenso amabwerera nawo. Pofika tsiku lachinayi kapena lachisanu pamapezeka wina wonena kuti mphepo yachepako, tiyeni tikayese. Maliro ambiri a panyanja amayambira pa mawu amenewo.

Ndipo Seputembala ndiye mwezi woopsa mwa njira yakeyake. Mu Juni ndi Julayi aliyense amayembekezera mwera, alovi amatenga majekete, eni maboti amakhala tcheru. Mu Seputembala kumakhala kutayamba kutentha, masiku abata amachuluka, anthu amataya mantha. Mwera wochedwa umapeza bwato lili kutali, lodzaza nsomba, anthu ali ndi malaya okha. Sitiyenera kuiwala kuti nyanja imeneyi inamizapo ngakhale sitima yachitsulo. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, imene inali yatsopano, inagubuduzika ndi mphepo yamkuntho kufupi ndi Chilumba, ndipo anthu 145 anafera momwemo. Ngati zinatero ndi sitima, kuli bwanji bwato losema?

Nanga chipale kwathu kuno?

Ana a sukulu amakonda kufunsa chifukwa chake chipale sichigwa ku Malawi. Yankho lili pa kutalika kwa malo ndi kuyandikira kwathu pakati pa dziko, pamene dzuwa limawomba molunjika. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndipo mapiri a kwa Nankumba, ngakhale amaoneka aatali ukaima pamchenga, sali kanthu pa nkhani ya kuzizira. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002. Kumeneko madzi amaundana m'zithaphwi usiku wa mu Juni ndi Julayi, ndipo zolembedwa zimasonyeza kuti chipale chinagwako kanthawi kochepa mu Juni 1954. Ku Nyika ndi madera ena okwera monga Dedza kumagwa chisanu chimene chimawaula mbewu za kudimba. Matalala nawo timawadziwa, koma iwo amabwera ndi mvula yamabingu ya nthawi yotentha, ndipo alibe chibale ndi kuzizira kwa mu Juni.

Ngakhale ku Johannesburg, mzinda wokwera kuposa Dedza, chipale chimachita kusowa. Chinagwa pa 10 Julayi 2023, ndipo chisanagwe chimenecho anthu ankakumbukira cha mu Ogasiti 2012. Akuluakulu amakambabe za chipale cha pa 10 Seputembala 1981, chimene chinabweranso mochedwa, mitengo itaphuka kale. Madoda a kwathu amene anapita ku migodi kudzera ku Wenela ndi Teba amakudziwa bwino kuzizira kwa kumeneko. Paja ankabwerako ndi majasi olemera ndi mabulangete amene kuno kunyanja ankangokhala chuma cha m'bokosi. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa ndi Kamuzu Banda mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, koma njira ya ku Joni sinatsekeke. Lero adzukulu awo amapita pa basi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, ambiri atangonyamula kachikwama kakumsana. Mnyamata wobadwira ku Mangochi, kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 35, sadziwa kuti kuzizira kumapha. Amene mukutsanzikana ndi mwana wa pa ulendo wotere, muikireni bulangete m'chikwama ngakhale akane.

Kunamizika ndi nyengo ya malo achilendo sikunayambe lero. Amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, anafika pa Cape Maclear ndi sitima ya Ilala mu Okutobala 1875, nthawi youma, napeza doko lobisika bwino ku mphepo. Anamanga pomwepo mishoni ya Livingstonia. Mvula itabwera, malungo anabwera nayo. Manda a ena mwa iwo alipobe m'mphepete mwa phiri, ndipo mu 1881 otsalawo anasamukira ku Bandawe, kenako mu 1894 anakwera phiri la Khondowe kufunafuna mphepo yozizira imene kunyanja kunalibe.

Lupsa ndi mvula yoyamba

Mwera ukayamba kufooka, mapiri a kuseri kwa Chembe amasintha mtundu. Udzu umauma, mitengo yambiri imayoyola masamba, milambe imaima yopanda kanthu. Kenako, mvula isanagwe ngakhale dontho, mitengo ya mombo ndi tsamba imatulutsa masamba anthete ofiira ndi ofiirira, mango amakhala atamanga timaluwa, ndipo phiri limaoneka ngati ladzuka. Mphepo imatembenuka. M'mawa kumawomba vuma kuchokera kuvuma, ndipo chakumapeto kwa chaka mpoto amayamba kulowa. Mpoto ndiye amene gombe la Chembe lilibe pomubisalira, chifukwa amabwera molunjika pakhomo. Asodzi amakokera maboti kumtunda, ndipo eni malo ogona alendo amayamba kuyang'ana makoma awo a m'mphepete mwa madzi.

Nthawi yomweyi ndi ya moto. Usiku umaona mzere wofiira ukukwera phiri, wina wayatsa posaka mbewa, wina pofuna msipu watsopano, wina sadziwika n'komwe. Kukacha pamatsala phulusa ndi nthaka yambee. Kenako, chakumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, mitambo imasonkhana pamwamba pa mapiri masana kutatentha kwambiri, bingu limagunda, ndipo kumagwa mvula ija makolo anaitcha chizimalupsa. Imakonda kuyambira kumapiri chifukwa mpweya wotentha ukakwera phiri umazizira msanga n'kupanga mitambo. Mwina igwa ola limodzi, fungo la dothi n'kudzaza mudzi wonse, basi yapita. Pambuyo pake pamatha masabata atatu kapena anayi kumwamba kuli mbee.

Mvula imeneyi ili ndi milandu iwiri, ndipo yonse si yake. Woyamba ndi wa kumunda. Anthu a kwa Chembe ndi asodzi, komanso amalima chimanga pa kachigwa kamene kali pakati pa mudzi ndi mapiri. Chaka chilichonse pamapezeka wina amene mtima umamuthamanga, n'kubzala ndi mvula yoyambayi. Mbewu imamera bwinobwino, kenako dzuwa la Okutobala limaiwotcha. Ndi mitengo ya mbewu ndi feteleza ya masiku ano, kubzala kawiri si nkhani yoseketsa. Alangizi a zaulimi amanena chaka ndi chaka kuti mvula yobzalira m'chigawo cha kum'mwera imakhazikika kuyambira pakati pa Novembala mpaka mu Disembala, ndipo ntchito ya Okutobala ndi kusosa ndi kupanga mizere. Komabe sitingamuweruze kwambiri mlimi wothamangayo. Zaka zimene mvula yakhala ikudula msanga zamuphunzitsa kuti wochedwa naye amalira.

Mlandu wachiwiri ndi wa m'madzi, ndipo uwu ndi umene sitiukamba mokwanira. Mvula yoyamba ikagwa pa phiri lopsa, palibe udzu woigwira. Imakokolola phulusa ndi dothi kudzera m'timitsinje touma n'kukazitaya m'nyanja. Tsono chimene chinachititsa kuti malo ano atchuke padziko lonse ndi mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene timakhala m'miyala, mitundu yambirimbiri imene siipezeka kwina kulikonse. Mbuna zambiri zimadya ndere zomera pa miyala. Matope akakuta miyalayo ndipo madzi akada, ndere sizimera bwino, chakudya chimachepa. Mlendo amene walipira boti kupita ku Thumbi kapena ku Otter Point amafuna kuona nsomba m'madzi oyera. Choncho moto umene wayatsidwa paphiri chifukwa cha mbewa zochepa umakafika mpaka m'thumba la mnyamata woyendetsa alendo, la wosema ziboliboli ndi la mayi wochapa zovala kumalo ogona alendo.

Apa mpofunika chilungamo. Amayi a kwa Chembe, Msaka, Mvunguti ndi midzi ina ya mkati mwa malo otetezedwawa amakwera mapiri omwewa kukatola nkhuni zouma, ndipo amachita kulipira chilolezo. Nkhunizo ndi zophikira komanso zowambira ndi kufutsira nsomba. Mudzi wakula kwambiri kuposa mmene unalili mu 1980, pamene nkhalango sinakule. Kuloza chala amayiwa n'kosavuta, koma iwo ndi amene amaluza koyamba phiri likapsa, chifukwa nkhuni zimene akanatola zimasanduka phulusa ndipo ulendo wawo umatalika.

Nyengo yosamvera kalendala

Zaka zaposachedwazi zasokoneza ngakhale akuluakulu odziwa kuwerenga mitambo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mapiri ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, n'kupha anthu mazanamazana. Chaka chotsatira mvula inadula pakati pa dzinja chifukwa cha El Niño, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi ya njala. M'miyezi yomweyo, chimanga chikuuma m'minda ya ku Mangochi, nyanja inakwera kupitirira mamita 476, msinkhu umene inali isanafikepo kwa zaka zambiri, n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake. Madziwo anali a mvula imene inagwa kutali, ku mapiri a kumpoto ndi ku Tanzania. Munthu wa kwa Chembe anaona chilala kuseri kwa nyumba ndi chigumula pakhonde, nthawi imodzi.

Amene amati zonsezi ndi zachilendo sanawerenge mbiri ya nyanjayi. Pakati pa 1915 ndi 1935 inaphwa mpaka mtsinje wa Shire unaleka kutuluka bwino m'nyanjamo, ndipo cha m'ma 1980 inakwera kuposa mmene inachitira mu 2024. Chimene chasintha ndi kuchuluka kwa anthu ndi katundu amene tawaika m'njira ya madzi ndi mphepo, kuphatikizapo kutentha kwa dziko kumene akatswiri akuti kukuwonjezera ukali wa mvula ndi chilala chomwe. Nzeru za makolo zowerenga mphepo zikadali zofunika, ndipo siginala wodziwa ntchito yake amaposa foni pa zambiri. Koma maso ake amafika pa Domwe ndi Mumbo basi. Sangaone mpweya wozizira umene uli pa gombe la Beira, umene ufike mawa usiku iye ali pakati pa nyanja.

Amene amauona mpweya umenewo alipo. Nthambi ya boma yoona zanyengo ndi kusintha kwa nyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre, imatulutsa machenjezo a mwera, ndipo nthawi zambiri imalondola. Amamveka pa wailesi, amayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook. Funso ndi lakuti kodi amafika kwa mlovi amene alibe foni ya intaneti, amene masana amakhala akugona chifukwa wachezera panyanja? Ndipo akafika kwa mwini boti, amene iye satsika nawo m'madzi, kodi amawauza anyamata ake? Majekete oyandamitsa munthu m'madzi amapezeka m'maboti onyamula alendo, koma m'maboti a chilimira ndi osowa.

Makomiti a m'madoko, amene asodzi amawatcha ma BVC, alipo kale ndipo ndi amene amathandiza kulondera nyengo yotseka nyanja ikayamba mu Novembala. Ntchito ya uthenga wa mphepo ingawakwanenso. A zanyengo, a zausodzi ndi mafumu a kwa Nankumba agwirizane kuti chenjezo la tsiku lililonse lizifika padoko masana, maboti asananyamuke, m'Chichewa ndi m'Chiyao, lolembedwa pa bolodi ndi lolengezedwa pakamwa. Ndipo lisamalekeke mu Ogasiti poganiza kuti mwera watha. Lizipitirira mpaka mvula yobzalira itagwa.